Musanamizire kompyuta yakale

Pali yankho limodzi lomwe landikwana pakamwa pa anzanga opanga mapulogalamu: "Makina anuwo atha, gulani atsopano." Ndalama zake mupereka ndinu? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa laputopu yatsopano ukuchititsa chizungulire, ndipo timaofesi tambiri ta ku Old Town tikuyendera makompyuta a kaunjika.

Ndili pa attachment ku kaofesi kena ku Area 4, pulogalamu yosunga mbiri za makasitomala inkangozima ikafika pobisa deta. Inkasiya mawu awiri okha: "Illegal instruction". Mkulu amene anawagulitsa pulogalamuyo ataimbiridwa foni anati vuto ndi kompyutayo, ya Core 2 Duo. Ndinaitsegula mu gdb kuti ndione pomwe ikufera. Inkafera mkati mwa laibulale ya encryption, pa lamulo lotchedwa vpxor. Kachilembo ka "v" koyambirirako kamaulula zonse: lamuloli ndi la gulu la AVX, lomwe Intel inayamba kuika m'maprosesa ake mu 2011. Core 2 Duo ndi ya 2006. Nditayang'ana mu /proc/cpuinfo, AVX munalibemo. Kompyutayo sinadwale, inangolankhulidwa chilankhulo chomwe sichidziwa.

Ndiye wolakwa ndani? Ndi amene anamanga laibulaleyo pa laputopu yake yonyezimira ndi -march=native, kuuza compiler kuti igwiritse ntchito chilichonse chomwe prosesa yakeyo ili nacho, kenako nkugawira anthu ngati aliyense ali ndi makina ofanana ndi ake. Nditaimanganso ndi -march=x86-64, pulogalamu inayenda bwinobwino.

Musandiuze kuti nzovuta. OpenSSL imayamba yafunsa prosesa kudzera mu CPUID kuti ikudziwa chiyani. Ikapeza AES-NI, yomwe inabwera mu 2010, imathamanga nayo. Ikapanda kuipeza, imadzera njira ina yochedwerapo koma yotetezeka ndithu. Nzeru imeneyi ndi yaulere, aliyense akhoza kuiwerenga.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi malangizo achiwiri a mkulu uja: "Ngati simungagule, ingozimitsani encryption." Taonani zimenezo. Manambala a foni, a chiphaso cha unzika, ngongole za anthu, zonse zikhale pambalambanda chifukwa munthu wachita ulesi kusintha mzere umodzi. Kompyutayo ikabedwa usiku, wolira ndi mayi amene anapereka chiphaso chake pa kauntala, osati wogulitsa pulogalamu.

Ena anena kuti dziko likupita patsogolo. Inde, MongoDB 5.0 imafuna AVX, ndipo Red Hat Enterprise Linux 9 imakana maprosesa osafika x86-64-v2. Koma iwo amalemba poyera, munthu amadziwiratu asanaike. Komanso nkhaniyi si ya makina okalamba okha: Celeron N4020, ya 2019, yomwe ili m'malaputopu otchipa omwe ophunzira anzathu ambiri amanyamula, nayonso ilibe AVX.

Windows 11 imakana maprosesa ambiri a Intel a m'badwo wa 7 kupita m'mbuyo. Maofesi a ku Ulaya akamataya makina amenewo, ena amathera m'mashopu athu omwewa. Inu amene mukumaliza digiri chaka chino, makasitomala anu oyamba adzakhala pa makina otero. Pulogalamu yanu muiyeseko kaye pa desktop yafumbi ija ya kukona kwa labu musanakatenge cheke.