Kulowa m'kompyuta uli kutali n'kwabwino, koma khomo lisakhale chitsegukire

Masiku ano munthu atha kukhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg n'kumagwiritsa ntchito kompyuta yomwe ili pa tebulo m'nyumba ya ku Senga Bay ngati wakhala pampando pomwepo. Amaona zonse zomwe zili pa sikirini, amatsegula mafayilo, mwinanso kukonza zomwe zavuta. Kuno kunyanja, komwe akatswiri a makompyuta ndi osowa, luso limeneli limapulumutsa ndalama ya thiransipoti. Laputopu ya volontiya wa zaumoyo ku Chipoka kapena ku Lifuwu ikavuta, mwana wake wa kutauni atha kuikonza popanda wina kukwera minibasi.

Ine sindikutsutsa zimenezi. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi chotsegulira munthu khomo kamodzi, kenako n'kuiwala kuti linatsegulidwa, makamaka pa kompyuta yomwe muli maina a odwala.

Tiyambe ndi momwe zimayendera. Kabokosi komwe kamagawa intaneti m'nyumba, rauta kapena MiFi, kali ngati mpanda wozungulira nyumba. Foni ndi kompyuta zomwe zili m'kati zimapatsidwa manambala monga 192.168.1.5, omwe amagwira ntchito m'kati mwa mpandamo basi, ndipo nyumba mamiliyoni pa dziko lapansi zikugwiritsa ntchito manambala omwewo. Wa kunja amangoona chipata. Inu a m'kati mukatuma uthenga kunja, yankho limaloledwa kulowa chifukwa mwaliitana nokha. Koma mlendo wongobwera osaitanidwa amabwezedwa pachipata. Pa netiweki za mafoni, nthawi zambiri makasitomala ambirimbiri amagawana nambala imodzi ya kunja, choncho ngakhale chipatacho si chanu nokha.

Ndiye wa ku Johannesburg uja amalowa bwanji? Njira yakale ndi kuboola mpanda: kuuza rauta kuti aliyense wogogoda pa khomo lakutilakuti adutse mpaka pa kompyuta. Pa makompyuta a Windows, khomo la pulogalamu ya Remote Desktop ndi nambala 3389. Imeneyi ipeweni. Pa intaneti pali makina a mbava omwe ntchito yawo usiku ndi usana ndi kugogoda pa makomo otere ndi kuyesa mapasiwedi osavuta. Safunika kukudziwani, safunikanso kudziwa kuti Salima ili kuti.

Njira yomwe ambiri akugwiritsa ntchito ndi mapulogalamu monga AnyDesk ndi TeamViewer. Apa mpanda suboledwa. Kompyuta yanu ndi yomwe imatuluka kukalumikizana ndi makina a kampani yomwe inapanga pulogalamuyo, wokuthandizani naye amafika komweko, ndipo inu mumamupatsa nambala ndi kudina kuti mwavomera. Ubwino wake ndi woti mumaona chilichonse chomwe akuchita ndipo mutha kumudula nthawi iliyonse. Vuto lili pa kabatani kena kolola munthu kulowa inu mulibe. Ambiri amakatsegula pofuna kuti asamavutike kuvomera nthawi zonse, ndipo kuchokera tsiku limenelo aliyense yemwe ali ndi pasiwediyo ali ndi kiyi wa nyumba yanu. Mukayambana naye, kapena foni yake ikabedwa, kiyiyo amapita nayo. Maofesi ndi zipatala zikuluzikulu amakonda VPN, njira yobisika yolowera m'kati mwa mpanda, yomwe ndi yabwino kuposa zonsezi ngati pali woiyang'anira.

Ndati ngati pali woiyang'anira chifukwa cha zomwe zinachitika ku America mu Meyi 2021. Kampani ya Colonial Pipeline, yomwe mapaipi ake amanyamula mafuta a galimoto, inaima ntchito masiku angapo mbava zitalowa pogwiritsa ntchito pasiwedi imodzi ya akaunti ya VPN yomwe inali itasiya kugwiritsidwa ntchito koma sinatsekedwe. Kampaniyo inalipira ndalama zoposa 4 miliyoni dola. Pafupi nafe, mu Juni 2024, mbava zinasokoneza makina a National Health Laboratory Service ku South Africa, ndipo zotsatira za magazi a odwala zinachedwa kwa masabata. Kuno kwathu tikukumbuka kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analowa m'makina ndipo akufuna ndalama.

Wina anena kuti amenewo ndi akuluakulu, pa laputopu ya volontiya mbava ipezapo chiyani? Ipezapo ndandanda ya omwe akumwa ma ARV, omwe anasiya kukatenga mankhwala, atsikana a sukulu omwe ali oyembekezera, ana omwe anapezeka ndi likodzo. M'mudzi wa asodzi, momwe aliyense amadziwa mnzake ndi ngalawa yake, dzina limodzi likatuluka banja litha kugwedezeka, ndipo anthu khumi asiya kubwera kudzayezetsa. Wowononga sachita kukhala mbava ya kunja kwa nyanja. Atha kukhala m'bale yemwe munamulola kulowa kuti akonze printa, maso ake n'kugwera pa fayilo ya mnansi. Zinsinsi zimenezo munangosungitsidwa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera.

N'chifukwa chake ndikuti maina a odwala asamakhale pa kompyuta ya banja, yomwe ana amaonerapo mafilimu. Azikhala m'kaundula wokiyiridwa kapena pa chipangizo chomwe munapatsidwa ku ntchito, ndipo chikavuta muziuza woyang'anira wanu ku chipatala, osati kuitana wodziwa makompyuta aliyense. Ngati kulola wina kulowa kuli kosapeweka, tsekani mafayilo onse kaye, khalani pomwepo mukuonerera, akamaliza tsekani pulogalamuyo kapena kuichotseratu.

Makolo, nkhaniyi ikukhudzanso mafoni. Mapulogalamu omwewa amalowa pa foni, ndipo akathyali amawakonda. Amaimba ngati a ku banki kapena olemba anthu ntchito, n'kunena kuti ikani pulogalamu iyi tikuthandizeni. Mwana kapena kholo akangowerenga nambala ija ndi kuvomera, wakubayo amaona mameseji onse obwera pa foniyo, kuphatikizapo manambala otsimikizira potumiza ndalama. Uzani ana kuti nambala ya AnyDesk saperekera munthu yemwe wayamba yekha kuimba. Ndipo ngati munaika kamera pakhomo kapena pa shopu kuti muziona pa foni muli kutali, funsani yemwe anaiika ngati anasintha pasiwedi yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Ngati akukayikakayika, isintheni lero, iye ali pomwepo, kenako muisinthenso akachoka.