Mwanayo sanalakwe Cingerezi

Mdzukulu wanga anabwera kunyumba ndi kope lofiira ndi inki. Analemba kuti “Who are you waiting for?” Aphunzitsi anadula mzere, nati ciganizo ca Cingerezi sicithera ndi mperekezi, timawu tija monga “for”, “from” ndi “with”. Ine ndikukana. Olakwa ndi aphunzitsiwo.

Kaimeni pacipata ca malire ku Zóbuè kapena ku Calómuè, mumve funso limene mlendo amafunsidwa: “Where are you from?” Mperekezi ali kumapeto, ndipo palibe amadabwa. Mukati “From where are you?”, ngakhale Mngerezi wa ku London adzakuyang'anani kawiri.

Nanga lamuloli linacokera kuti? Mu 1672 mlakatuli John Dryden anadzudzula Ben Jonson, mlembi amene anali atamwalira kale, cifukwa coika mperekezi kumapeto. Dryden ankalemekeza Cilatini, ndipo m'Cilatini mperekezi amayenda patsogolo pa dzina. Mu 1762 Robert Lowth analemba buku la galamala, navomereza kuti Angerezi amalankhula motero ndithu. Anangoti m'zolemba zaulemu njira inayo imakoma. Anthu a m'mbuyo mwake ndi amene anasandutsa kukonda kwa munthu kukhala lamulo. Pofika 1926 H. W. Fowler, katswiri wa Cingerezi, analemba poyera kuti ndi cikhulupiriro cabe.

Ife kuno timagwa msanga mumsamphawu, ndipo cifukwa cake ncodziwika. Cipwitikizi ndi mwana wa Cilatini. Timati “De onde vens?”, ndipo “de” sangapite kumapeto. Khutu lozolowera zimenezi limamva ngati Cingerezi nacenso ciyenera kutero. Koma taonani Cinyanja cathu: “Ukulirira ciani?” Nchito imene “for” amagwira, ife taibisa m'kati mwa mneni. Kodi wina atabwera ndi muyeso wa Cipwitikizi, nkunena kuti ciganizoco ncopunduka, mungamumvere? Akuluakulu amene anamenyedwapo kusukulu ya atsamunda cifukwa ca cilankhulo cao akudziwa kumene maganizo otere amafikitsa.

Mwana wouzidwa kuti colondola ncolakwa amatseka pakamwa. Mawa akapita ndi mbatata kumsika wa ku Lizulu, wogula akamulankhula Cingerezi, iye ayamba kusanja mawu m'mutu mpaka wogulayo wapita kwa wina. Aphunzitsi, ngati mukufuna kumphunzitsa “For whom are you waiting?” wa m'kalata ya ku ofesi, mphunzitseni, adzamufuna tsiku lina. Koma mzere wofiira uja mufufute. Kopelo ndalibweza, lili m'cikwama cake.