Kalata kwa Mkulu wa MACRA: Chingwe cha Kuchigwa Chikhale Chopirira Madzi

Bwana Mkulu,

Pempho langa ndi lakuti chingwe chilichonse cha faiba chimene chidzatsike Thabwa kulowera ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje chiziyamba chakwaniritsa muyezo woikidwa ndi bungwe lanu, muyezo wodziwa kuti kuno ndi kuchigwa.

Mvula ikagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, madzi ake timalandira ndife kudzera mu Ruo ndi Shire. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo msewu wa M1 unaduka ku Chikwawa. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Pa masiku otere, mayi wa ku Makhanga amadalira foni poitana bwato ndi polandira ndalama za m'bale wake wa ku Blantyre, ndipo nsanja za mafoni zikasowa chingwe chodalirika sizithandiza.

Chingwe chimene ndikunena ndi cha riboni. M'kati mwake timaulusi tagalasi, tochepa ngati tsitsi, timamatidwa 12 pamzere umodzi monga bango la mphasa, ndipo mizere imeneyi amaisanjikiza mpaka chingwe chimodzi kukhala ndi ulusi 144, 288 kapena 864. Phindu lake limaoneka tsiku loduka. Makina olumikizira amawotcherera ulusi wonse 12 nthawi imodzi, choncho amisiri amene akadatha masiku m'matope akulumikiza ulusi umodziumodzi amamaliza msanga, netiweki n'kubwerera.

Koma riboni payokha siyokwanira. Pansi pa khungu la chingwe pakhale tepi yofufuma ikakhudza madzi, yotseka njira kuti chinyezi chisayende m'chingwe. Pakhale chitsulo chokutira choletsa makoswe, amene sasowa m'minda ya nzimbe, ndi khungu lakuda la polyethylene lopirira dzuwa, pakuti ku Ngabu kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala. Powoloka Mwanza ndi mitsinje ina yamchenga, paipi yodutsamo chingwe aibowolere pansi kwambiri pa mtsinje, osati kuipachika pamlatho umene madzi angakokolole.

Ndikupemphanso kuti ndalama za Universal Service Fund zithandize kuyala njira yachiwiri kutsidya la kummawa kwa Shire, kudzera ku Fatima ndi Muona, kuti ya M1 ikaduka, Nsanje isakhale yosamvana ndi dziko lonse. Muyezowu utuluke makontrakitala asanayambe kukumba, chifukwa chingwe chikakwiriridwa palibe amene adzachifukule kuti achisinthe.

Ine wanu,
Mzika ya ku Chikwawa