Masanje a pa kompyuta

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, lero ndiulule: nanenso magemu a pa kompyuta anandigwirapo. Skyrim, yomwe inatuluka mu 2011, inandidyera maholide angapo kuno ku Kapichira. Ndinkakumba miyala ya chitsulo, kuisungunula, n'kusula timipeni tambirimbiri mpaka kusanduka mmisiri. Chonditsekula nthiti chinali chakuti ukamuveka ndowa kumutu mwini sitolo, umamutapira katundu iye ali chiimire, osaona kanthu. Ndinkaseka ndekha usiku mpaka mayi a kunyumba kudzuka.

Mu Zelda ya mu 2017, ukasakaniza zophika molakwika, mumphika mumatuluka chakudya chonyansa moti gemuyo imachita kuchiphimba. Umangoseka n'kuyesanso.

Kodi si masanje athu omwe aja? Tinkaumba ng'ombe zadothi, kupinda magalimoto a mawaya, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wina fisi wakuba ndiwo. Nsima ikatuluka yamadzi, panalibe wokwapulidwa.

Nanga bwanji m'kalasi mwana akalakwitsa timamuchititsa manyazi? Ana anga a Fomu 3 amanjenjemera kulumikiza batire ndi waya, chonsecho akulira pafupi ndi malo opangira magetsi. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, ofunika anali anthu odziwa kukonza ndi manja, osati ongoloweza manotsi.

Anthu oterewa sitingawapeze poopseza. Tiwalole ana ayese, alakwitse, tiseke nawo limodzi, ayesenso.