Thupi la Mkazi Si Chiberekero Chokha

"Mwabwerera jakisoni?" Kwa akazi ambiri, uphungu wa kulera umayambira pamenepa n'kutheranso pomwepa. Mzere ndi wautali, anesi atopa, basi Depo yalowa, tionane pakatha miyezi 3. Ine zimenezi ndikuzikana. Mankhwala olerera amayenda m'magazi, amakhudza mutu, mafupa ndi msambo, ndiye funso limodzi silingakwane.

Depo imagwira ntchito, sinditsutsa. Koma ndi angati amauzidwa kuti ukaisiya, mimba ikhoza kuchedwa mpaka chaka? Kuti msambo ungasokonekere kapena kusiyiratu, komanso mafupa amachepako mphamvu pa nthawi imene ukubayitsa? Mtsikana amene akufuna mwana chaka chamawa ayenera kumva izi asanabayidwe.

Mapiritsi okhala ndi estrogen si oyenera kwa mkazi wa BP yokwera, kapena wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuona zong'anima m'maso, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Ndiye munthu akupatseni bwanji osakuyezani BP? Rifampicin, mankhwala a TB, ndi efavirenz wa m'ma ARV ena amafooketsa Jadelle ndi Implanon, moti mimba ingabwere kachipangizo kali pamkono pomwepo. Lupu ya kopa ilibe mahomoni ndipo imakhala zaka 10, koma imatha kuchulukitsa magazi a msambo. Kwa amene magazi ake ndi ochepa kale, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Koma anzanga a m'magulupu a WhatsApp, musaombe m'manja msanga. Kusamala thupi lonse sikutanthauza kutaya zakuchipatala n'kumamwa zitsamba za azakhali. Mimba yosakonzekera nayonso imagwedeza thupi lonse, sukulu ndi thumba lomwe. Ndipo pa njira zonsezi, kondomu yokha ndi imene imatchinganso HIV ndi chindoko, choncho achimwene nanunso nkhaniyi ikukukhudzani.

Chimene ndikufuna n'chakuti tizilowa m'chipinda muja ndi pakamwa. Tchulani mankhwala amene mukumwa, mutu umene umakuvutani, mmene mumasambira, ndi nthawi imene mukufuna mwana. Kenako funsani: "Anesi, njira imeneyi ichita chiyani m'thupi mwanga? Nanga ikandivuta, tisinthira iti?" Safunsa anadya phula. A pamzere adikirako pang'ono, chifukwa thupilo mupita nalo kunyumba ndinu.