Kodi nsomba yalakwanji?

Loweruka lapitali, ndili chikhalire pa Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukana ndi wa ku Muloza, ndikudikira kuti minibasi ya ku Limbe idzaze, anafika mnyamata wovala mwaulemu nandionetsa foni yonyezimira, nati andigulitsa pamtengo wa nkhuku ziwiri. Ndisanatsegule pakamwa, mphwanga amene anandiperekeza, yemwe wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anandinong'oneza kuti, "Amalume, musayerekeze, zimenezi ndi za fishy, ndipo munthuyu akuoneka shady."

Foniyo sindinagule, pakuti imvi zinandiphunzitsa kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma pamene mwanayo anandimasulira kuti liwu loyambalo likunena za fungo la nsomba ndipo lachiwirilo likunena za mthunzi, mtima wanga unavutika koposa momwe wogulitsa uja akanauvutitsira. Ha! Nsomba yalakwanji? Kapena kwa Angerezi fungo lake limakumbutsa zovunda, koma kwa ife amene timakondwera matemba a ku Chilwa akafika pamsika, fungo limenelo likatuluka m'khitchini ndi uthenga wabwino kwa ana ndi alendo omwe. Nanga mthunzi, umene amayi othyola tiyi amaulakalaka dzuwa likafika paliwombo, umenenso makolo athu ankakhalamo poweruza milandu patsinde pa kachere, ukhale bwanji malo a akuba? Mudzavomerezana nane, owerenga okondedwa, kuti liwu lililonse limayenda ndi nyengo ya kwawo, ndipo dziko la chisanu silingadziwe ulemu wa mthunzi.

Sindikana kubwereka, pakuti kuluku tinamutenga kale kwa crook wa Angerezi, tsotsi anabwera naye amene anakagwira ntchito ku Joni, ndipo onse awiri anakhazikika nafe ngati akamwini omanga bwino. Chondiwawa n'chakuti tikusiya nkhokwe yodzaza n'kumakapempha kwa eni. Ife tili naye kathyali, tili naye tambwali wa lilime la uchi, kamberembere wozemba pamene anzake akusenza, ndi mthirakuwiri amene amadya kuno nakanena uko; ndipo aliyense wa iwowa agogo ankamudziwa ndi kayendedwe kake. Mu 2013, chuma cha boma chitasololedwa ku Capital Hill, nkhaniyo tinaitcha Cashgate, dzina lomveka ngati la sitolo ya m'tauni, pamene liwu loti umbava likanawagwetsa nkhope eni akewo kufikira kwa adzukulu awo.

Za malo oopsa ndiye ndisanene. Mphwanga amati risky ali chiimire m'munsi mwa phiri limene nsonga yake, yotalika mamita 3,002, makolo anaitcha Sapitwa, chenjezo lonse lathunthu m'liwu limodzi. Ndipo amene anaona madzi ndi miyala ku Phalombe mu 1991, kapena namondwe wa Freddy mu 2023, safuna dikishonale pomva dzina la Napolo.

Minibasi itadzaza ndinamuuza mphwangayo kuti Chingerezi chakecho akachisungire mayeso. Mnyamata wa foni uja anali tambwali, ndipo nsomba muzisiye, sizinabe kanthu ka munthu.