Yoga: Mlendo wa ku India Amene Angaongole Msana wa Mlimi

Pa 21 June caka ciri conse, anthu m'maiko ambiri amasonkhana pabwalo m'mamaŵa, nayala mphasa zao ndi kucita maseŵera odekha ochedwa yoga. Tsikuli linakhazikitsidwa ndi bungwe la United Nations mu December 2014 dziko la India litapempha, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2015. Ambiri a ife kumidzi tikamva zimenezi timati n'za anthu a m'tauni amene alibe munda wolima. Ine ndikuti mlimi ndiye angapindule nazo koposa, malinga adziŵe cimene yoga ingathe kucita ndi cimene singathe.

Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tsono timuone bwino mlendoyu. Yoga inayambira ku India kalekale, ndipo dzinali licokera ku liu la cinenero cakale ca Sanskrit lotanthauza kumanga pamodzi, monga momwe timangira ng'ombe pa goli. Ali yense amene analimapo ndi ng'ombe adziŵa kuti ina ikakokera uku inzake nikokera uko, mzera ukhota ndipo tsiku litha pacabe. Munthu nayenso atero. Manja ali pakhasu, koma mtima uli pa ngongole ya feteleza. Thupi lagona pamphasa, koma maganizo ali kuyendayenda usiku wonse. Colinga ca yoga ndico kuika thupi ndi maganizo pa goli limodzi.

Zaka zoposa 1,500 zapitazo, mphunzitsi wina dzina lake Patanjali anasonkhanitsa ciphunzitso cimeneci m'buku lochedwa Yoga Sutra, nacigaŵa m'makwerero asanu ndi atatu. Cofunika kucizindikira n'cakuti makwerero aŵiri oyamba sanena kanthu za kupinda thupi. Anena za mkhalidwe: kusapweteka camoyo ciri conse, kunena zoona, kusaba, kudziletsa pa zilakolako, kusaumirira cuma, ukhondo ndi kukhutira ndi zimene uli nazo. Kakhalidwe ka thupi kadza pacitatu, kapumidwe ka mpweya pacinai, ndipo makwerero otsalawo ndi a kusonkhanitsa maganizo kuti akhale pamodzi. Motero munthu amene amenya mkazi wake madzulo, m'maŵa nadzipinda pamphasa, yoga sanaiyambe n'komwe.

Tisabise kuti mizu ya yoga iri m'zipembedzo za ku India, makamaka Cihindu, ndipo kufikira lero ena amaicita monga njira ya kupembedza. Koma anthu ambiri a zipembedzo zina amangotengako kuongola thupi ndi kapumidwe, osachula pemphero liri lonse. Pamenepa munthu ali yense atsate cikumbumtima cake.

Ena adzafunsa kuti, "Ine ndigwira khasu kuyambira mbandakuca, maseŵera ena ndi a cani?" Funsoli n'lomveka, koma taonani momwe nchito yathu igwiritsira thupi. Polima tiŵerama, popalira tiŵerama, pokolola nshaŵa tiŵeramanso. Amai asenza mtsuko pamutu, mwana ali kumbuyo, akafika kunyumba agwira munsi. Nchito zimenezi zilimbitsadi thupi, koma zilipindira mbali imodzi caka ndi caka, kotero kuti minofu ina ifupika niuma, ina nifooka. N'cifukwa cake pa zaka makumi asanu ambiri adzuka atagwira m'ciuno.

Yoga ibweza thupi ku mbali imene khasu laiŵala. Munthu agona cafufumimba, natsamira pa zikhato, nadzutsa cifuwa pang'onopang'ono monga njoka idzutsa mutu. Kapena aimirira ndi mwendo umodzi, phazi linalo atalitsamiritsa pa mwendo unzake, kuti aphunzire kusadzandira. Kapena agona cagada, nakokera maondo pacifuwa kuti msana wa m'munsi umasuke. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga pakati pa njira zimene odwala msana kwa nthawi yaitali ayenera kuyamba kuyesa asanathamangire mankhwala. Ndiponso malangizo a World Health Organization a mu 2020 anena kuti anthu a zaka 65 ndi kupitirira azicita maseŵera olimbitsa minofu ndi oletsa kudzandira masiku atatu kapena kuposa pa mlungu, kuti asamagwe. Tonse tidziŵa kuti gogo akagwa nathyoka fupa la m'ciuno, kaŵirikaŵiri sayendanso monga kale.

Kapumidwe nako kali ndi phindu lake. Munthu akakoka mpweya mofatsa ndi mphuno, nautulutsa pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo, mtima ucepetsa liŵiro ndipo thupi limasuka. Ambiri amene azoloŵera kutero aona kuti nkhawa icepa ndipo tulo tibwera msanga. Kwa ena ngakhale kuthamanga kwa magazi kutsikako pang'ono.

Koma pano ndipo pofunika kucenjera. Yoga sipha tizilombo ta malungo, sicotsa cifuwa cacikulu, ndipo silowa m'malo mwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV. Wina akakuuzani kuti musiye mankhwala a kucipatala cifukwa mwayamba yoga, mumthaŵe, pakuti moyo ndi wanu. Msana ukaŵaŵa pamodzi ndi kutentha thupi, kapena miyendo ikacita dzanzi ndi kufooka, kapena mkodzo ukamatuluka wokha, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Amai apakati ndi onse odwala mtima ayambe afunsa anamwino, ndipo za kuima ndi mutu zimene muona pa zithunzi zisiyireni akatswiri.

Abale ndi alongo, cinthu cimeneci sicifuna ndalama, nsapato kapena bwalo la mpira. Mphasa tiri nazo kale. Mphindi khumi zokha m'maŵa musanadye, kapena madzulo mutaŵeruka kumunda, n'zokwanira poyambira. Musakakamize thupi, pamene mwamva kupweteka, lekerani pomwepo, maŵa mudzayesanso. Phindu lake silioneka tsiku limodzi, lifuna milungu ingapo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ng'ombe zathu timazimasula pa goli dzuŵa likakwera, khasu timalinola, njinga timaithira mafuta. Msana umene udyetsa banja lonse nawonso uyenera kusamalidwa, kuti tilime nawo kufikira ukalamba.